Anesi a Magazi Akwera Phiri

Lachisanu m'mawa khonde la kachipatala ka kafukufuku ku Likangala linali litadzaza ndi amayi ndi makanda, koma phokoso lonselo ankaliposa mwana mmodzi, Kevin, amene ankakanitsitsa kukwera pa sikelo.

"Makani awa ndi a amalume ake enieni," anatero Stacey, mayi wa mwanayo, akulimbana naye kumuvula kamalaya. Kenako anakweza mawu. "Alamu, tabwerani mudzamugwire. Inu ndiye amakumverani."

Pauline anayang'ana uku ndi uku, makutu atatentha. "Stacey, ndikuuze kangati? Muno ndine anesi. Za alamuzo uzizisiya pa geti."

"Pepani, anesi alamu."

Amayi onse pa benchi anaphulika kuseka. Zuhura, namwino mnzake wa Pauline, anaseka mpaka cholembera chinamugwa. Anamunyamula Kevin, namukhazika pa sikelo, nawerenga manambala mokweza ngati akulengeza zigoli za mpira. Mwanayo anali atakwera bwino. Pa miyezi khumi anali wojintcha, wa masaya onyezimira, ndipo mano ake anayi ankaluma chilichonse chomuyandikira.

Pauline Kachingwe anali atagwira ntchito pamalopa zaka zitatu. Kafukufuku wawo ankatsatira amayi amene anamwa mankhwala oteteza ku malungo ali oyembekezera, pamodzi ndi ana awo mpaka atakwanitsa zaka ziwiri, pofuna kudziwa ngati mankhwalawo sasiya vuto lililonse mwa mayi kapena mwa mwana. Stacey analowamo mwakufuna kwake ali ndi pathupi pa miyezi inayi. Patangopita sabata, mchimwene wake Henderson Mulaviwa, wogwira ntchito yoyang'anira nkhalango ya paini pa phiri la Zomba, anatsika ali lunjiii, majombo ali matope okhaokha, kudzamutulutsa. Kwawo ku Zakazaka kunali kutamveka zoti anesi a kafukufuku amapopa magazi a amayi n'kumakagulitsa kunja.

Tsiku limenelo Pauline anamukhazika pansi mwamunayo n'kumuwerengera chikalata cha chilolezo, masamba onse asanu ndi awiri, osadumpha mzere. Atamaliza anamuuza kuti wosankha kutuluka kapena kukhala ndi Stacey mwini wake, osati mlongo wake, ngakhale atavala majombo aakulu chotani. Henderson anachoka ali zyoli. Sabata yotsatira anabweranso, akuti waiwala kufunsa funso lina. Inayonso anabwera ndi lina. Pauline ataona kuti mafunso atha koma munthu akubwerabe, ndiponso kuti iye mwini wayamba kumayang'ana ku geti Lachisanu lililonse, anapita kwa Dokotala Catherine, mkulu wa kafukufukuyo, n'kukaulula zonse. Kuyambira pamenepo Stacey ndi mwana wake anaperekedwa m'manja mwa Zuhura, ndipo Pauline sanakhudzenso fayilo yawo.

Foni inanjenjemera m'thumba mwa Pauline. Anazembera kuseri kwa chitseko. Unali uthenga wochokera kwa Henderson.

"Anesi anga, mawa kuphiri kuno kukhala dzuwa. Ndafunsa mitambo yavomera. Ndidzakutengeni naini koloko?"

Pauline analuma mlomo kuti asaseke. "A Mulaviwa, muli ndi funso linanso la kafukufuku?"

Yankho silinachedwe. "Limodzi lokha. Koma ili ndi lalikulu."

*

Loweruka linacha monga mitambo inalonjezera. Njinga yamoto ya Henderson inakwera msewu wokhotakhota wa kuphiri ikulira ngati ikudandaula, Pauline atamugwira m'chiuno, mphepo yozizira ikumuluma m'masaya. Pa kona iliyonse ankakumana ndi anthu otsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndipo pafupifupi onse ankamudziwa Henderson.

"Abwana, lero mwanyamula katundu wabwino!" anakuwa bambo wina.

"Samalani, achimwene, ndi wosweka!" anayankha Henderson, ndipo Pauline anamutsina m'nthiti.

Anaima pa mayi wogulitsa zipatso m'mphepete mwa msewu. Henderson anatenga kadengu ka sitiroberi ndi ka mabulosi ofiira, ndipo mayiyo anaonjezapo mapichesi awiri, akuti a mlamu. Pauline anaona kuti tauni yonse ya Zomba yamukwatitsa kale iye asanafunsidwe n'komwe.

Anakakhala pa udzu m'mbali mwa damu la Mulunguzi. Madzi anali phee, mitengo ya paini ikuoneka mozondoka m'menemo. Fungo la utomoni linali ponseponse. Henderson, amene masiku onse sankasowa chonena, lero anali kungozula udzu n'kumautaya.

"Mwadwala?" anafunsa Pauline. "Mwandibweretsa kuno kuti ndidzakupimeni?"

"Ayi."

"Nanga funso lija lili kuti?"

Henderson anapuma mozama. Anavula chipewa chake, nachiyang'ana, nachivalanso. "Pauline," anatero, ndipo kanali koyamba kumutchula dzina popanda unesi. "Ine ntchito yanga ndi yodikira. Mtengo umene ndadzala chaka chino ndidzaudula nditamera imvi. Kudikira sindikuopa. Koma za iwe zokha ndalephera. Ndikufuna nditumize amalume anga kwanu ku Domasi. Ukuti bwanji?"

Pauline anali ataganizira mphindi imeneyi kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ankadziona akuyankha mwaulemu ndi modekha. M'malo mwake anapezeka kuti m'kamwa mwadzaza sitiroberi. Anatafuna mofulumira, anatsamwa, nayamba kutsokomola mpaka misozi. Henderson anamusisita pamsana ali ndi mantha.

"Kodi kumeneko n'kukana?"

"Eya," anatero Pauline akupuma movutikira.

"Eya kuti wakana?"

"Eya kuti atumizeni amalumewo, munthu iwe!"

Henderson anadzuka n'kukuwa mwamphamvu, mawu ake nakagunda tsidya lina la damu n'kubwerera. Azungu awiri amene ankajambula zithunzi chapatali anatembenuka modabwa. Iye anawakwezera chipewa. "Wavomera!" anawauza m'Chichewa, ndipo iwo, ngakhale sanamve, anawomba m'manja.

Anaseka mpaka nthiti kuwawa. Anakambirana za nyumba, za mpingo umene adzamangire ukwati, za ana. Henderson ankafuna asanu. Pauline anati awiri, ndipo akafuna ena atatuwo akadzale paini. Dzuwa litafika pamutu, Henderson anayambanso kuzula udzu.

"Pali chimodzi," anatero.

"Amayi ako."

"Eya. Ndinawauza Lachitatu. Sanakalipe. Angoti akufuna akuone ndi maso awo, mawa tikaweruka ku tchalitchi." Anakanda m'mutu. "Paja iwo amakutchula kuti anesi a magazi."

"Ndikudziwa. Stacey sasunga kanthu."

"Komanso ukapezako Melissa."

Dzina limeneli Pauline ankalidziwanso. Melissa anali mwana wa mnzawo wa mayi Mulaviwa, woimba kwaya, mwini saluni kufupi ndi msika waukulu. Kwa zaka ziwiri mayiwo akhala akumuikira Henderson mtsikanayo patsogolo ngati mbale ya chakudya, iye n'kumangoyang'ana kumbali.

"Ndiye akukatani kumeneko?"

"Amabwera Lamulungu lililonse. Akuti kudzathandiza amayi."

Pauline anatola bulosi lomaliza m'kadengu, nalidya pang'onopang'ono. "Chabwino. Abwere. Ine ndinakhazikapo pansi mwamuna wa majombo atalusa. Wa saluni sangandivute."

*

Nyumba ya mayi Elizabeth Mulaviwa ku Zakazaka inali ya njerwa zootcha, yokhala ndi mpanda wa maluwa ndi mtengo wa mapeyala kumaso. Pauline anafika atavala chitenje pamwamba pa diresi yake ya buluu, atanyamula shuga ndi buledi. Stacey anamuthamangira pa geti, Kevin ali kumbuyo.

"Limbani mtima," anamunong'oneza. "Aphika nyemba za kalongonda kuyambira dzulo. Amayi saphikira kalongonda munthu amene amudana naye zenizeni."

Pa khonde panali mtsikana wowala, tsitsi lolukidwa mwaluso, zikhadabo zofiira. Anamuyang'ana Pauline kuyambira kumapazi kukafika kumutu.

"Kodi ndi inu anesi aja?" anatero akumwetulira ndi mano okha. "Ine Melissa. Ndamva zambiri. Koma lero mwabwera opanda jakisoni, eti? Tisachite kubisa mikono."

"Lamulungu timapuma," anayankha Pauline. "Mikono yanu ili pa mtendere."

Mayi Mulaviwa anali pa mkeka m'chipinda chochezera, atatambasula miyendo, duku loyera kumutu. Anali mayi wochepa thupi, wa maso akuthwa. Pauline anagwada, napereka moni. Mayiwo anayankha mwaulemu wozizira, namufunsa za kwawo, za makolo ake, za mpingo wake. Henderson anali pa mpando pakona, akupukuta thukuta lomwe panalibe.

Melissa ankayenda m'nyumbamo ngati mwake. Ankadziwa pokhala makapu, ankadziwa kuti amayi amamwa tiyi wa masupuni awiri, ndipo chilichonse ankachinena mokweza. "Amayi, ndakuikirani mu kapu yanu ija. Achimwene Henderson, anu ndachepetsa mkaka, paja simuukonda." Pothira tiyi wa Pauline anafunsa, "Inu kaya mumamwa bwanji? Sitikudziwani."

Atatha kudya, mayi Mulaviwa anapukuta m'manja. "Henderson, tapita ukaone ngati mapeyala akhwima. Melissa, mwanawe, tsuka mbalezi. Stacey, iwe khala. Nkhaniyi ndi yakonso."

Melissa anazengereza, koma anatuluka. Chitseko cha kukhitchini anachisiya chotsekula pang'ono.

"Anesi," anayamba mayiwo, "ine sindinapite patali ndi sukulu, koma sindine wopusa. Za kugulitsa magazizo ndimamva, theka ndimakhulupirira, theka ayi. Tandiuzani inuyo. Mwana wangayu mumamutenga magazi ochuluka bwanji?"

Pauline anayang'ana pa thireyi. Anatola kasupuni ka tiyi nakakweza. "Kwa Stacey, osaposa apa. Ndipo si ulendo uliwonse. Kwa Kevin ndi timadontho ta pachala. Timayang'anamo malungo, timayang'ana ngati magazi ali okwanira m'thupi, ndiponso ngati chiwindi ndi impso zikugwira bwino ntchito."

Mayiwo analandira kasupuniko, nakatembenuza. "Basi?"

"Basi."

"Ndakhala ndikukuuzani, amayi," anatero Stacey. "Udzudzu wa ku Zakazaka kuno umatenga ambiri kuposa anesiwa."

"Iwe khala chete." Koma pakona pa mlomo wa mayiwo panagwedezeka. Anaika kasupuni pansi. "Funso langa lenileni si limenelo. Mankhwala amene munamumwetsa ali ndi pakati aja, mukutsimikiza kuti ndi abwino?"

Pauline anadziwa kuti yankho lophweka lilipo, loti eya mayi, ndi abwino kwambiri, musadandaule. Anadziwanso kuti maso amene ankamuyang'anawo akanaligwira bodzalo lisanatuluke n'komwe.

"Mayi, ndikanena kuti tikudziwa zonse ndiye kuti ndakunamizani. Asanafike kwa ife, mankhwalawo anayesedwa kale kwina, ndipo akanaoneka oopsa sakanaloledwa kupatsidwa kwa mayi woyembekezera. Koma kuti tinene motsimikiza kuti mwana adzakula bwinobwino, adzamva, adzayenda, adzalankhula pa nthawi yake, pafunika wina amuone mwanayo mwezi ndi mwezi n'kumalemba. Ntchito yathu ndi imeneyo. Pali anthu ena, osati ife, amene amaona zimene talembazo, ndipo ataona choipa angaimitse zonse tsiku lomwelo. Stacey naye atafuna kusiya mawa, palibe angamuletse, ndipo chithandizo chake sichingachepe."

 Kukhitchini mbale zinali zitasiya kulira.

Mayi Mulaviwa anayang'ana pakhomo nthawi yaitali. Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Pakati pa Henderson ndi uyu panali mwana wina. Stacey akudziwa kuti analipo, koma sadziwa mmene anapitira. Tinali kumudzi ku Phalombe. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, thupi linatentha. Bambo awo anakandigulira timapiritsi pa golosale, tokulunga pa kapepala, topanda dzina. Ndinamwa. Sizinathandize. Kuchipatala anandipatsa ena, ndinamwanso. Patatha masiku anayi mwana anabadwa, kamtsikana, kochepa ngati dzanja langali. Kanakhala masiku awiri."

Stacey anagwira pakamwa.

"Apongozi anga anati ndamupha ndi mapiritsi a pa golosale. Achemwali anga anati ndi a kuchipatala. Anesi nditawafunsa anangoti zimachitika. Zaka makumi awiri ndi mphambu zisanu ndi chimodzi tsopano, ndikaona piritsi m'dzanja la mayi wapakati, mtima umandithawa. Ndiye inu ophunzira, tandiuzani. Anamupha ndi ati?"

Pauline anasendera pafupi. Sanakonzekere funso lotere.

"Sindikudziwa, mayi. Palibenso angadziwe lero. Malungo pa okha amatha kubadwitsa mwana masiku asanakwane, ngakhale mayi asanamwe kalikonse. Mankhwala ena nawonso si oyenera mayi wapakati. Nthawi imeneyo palibe analemba dzina la zimene munamwa, palibe anakutsatirani, palibe anakhala nanu pansi. Koma chimodzi ndikuchidziwa. Inu munadwala, munafuna kuchira kuti mwana wanu akhale moyo. Pamenepo palibe mlandu wanu."

Mayiwo anaweramitsa mutu. Misozi inatsika mwakachetechete, iwo osaipukuta.

"Ine ndimadzuka m'mawa uliwonse," anapitiriza Pauline, "kuti mayi wina akadzafunsa funso ngati lanuli, padzakhale womuyankha zoona. Kevin uyu akamakana sikelo, akuthandiza ana amene sanabadwe."

Ngati wamva dzina lake, Kevin, amene nthawi yonseyi ankakwawa pa mkeka kusakasaka choluma, anagwira bondo la agogo ake nadzikoka mpaka kuimirira. Kenako anasiya. Anaima yekha, miyendo ikunjenjemera, maso ali tong'o, akudabwa ndi zimene wachita. Anaponya phazi limodzi, naponyanso lina, n'kugwera pa miyendo ya Pauline.

"Wayenda!" anakuwa Stacey. "Amayi, wayenda! Achimwene, thamangani!"

Henderson analowa ndi liwiro, mapeyala akugwa m'manja. Mayi Mulaviwa ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, kenako anaimba nthungululu yomwe inamveka mpaka kwa aneba. Kevin, poona kuti watchuka, anayesanso, nagwa chagada, nakwiya.

"Anesi, lembani zimenezi!" anatero mayiwo akupukuta maso ndi nsonga ya duku. "Lembani kuti mdzukulu wa Elizabeth wayenda pa miyezi khumi!"

"Olemba za Kevin ndi anzanga a Zuhura, mayi. Ine sindiloledwa, poti..." Anayang'ana Henderson, nachita manyazi.

"Poti ndinu a m'banja," anamalizitsa mayiwo. Analowa kuchipinda, nabwera ndi chitenje chatsopano, cha maluwa achikasu, chisanachapidwe n'komwe. Anachiika pa mapewa a Pauline. "Ndinachisunga kuti ndidzapatse mkazi wa Henderson. Ndipo zoti mayi, mayi, ngati tili pa mzere wa kuchipatala, zithe. Uziti amayi."

"Zikomo, amayi."

"Henderson, amalume ako uwaimbire lero. Loweruka likubwerali apite ku Domasi. Ndakalamba, sindifuna zochedwa."

Pamene ankakumbukira za Melissa, anapeza mbale zili m'beseni zosatsukuluza, chitseko chakuseri chili pululu.

*

Masiku awiri otsatira Pauline ankayenda ngati pansi pali thonje. Amalume ake ku Domasi anavomera kulandira alendo Loweruka, nafunsa ngati mkamwiniyo angawapezere matabwa otchipa. Mayi ake analira pa foni. Zuhura anayamba kale kusankha mtundu wa nsalu ya anamwali operekeza, ngakhale panalibe amene anamupempha.

Mauthenga a Henderson ankabwera ngati mvula ya Januwale.

"Amayi akuti ndikufunse ngati umadya nandolo."

"Auze kuti ndimadya chilichonse chimene iwo aphika."

"Akuti ndiwe wochenjera. Akutinso ndine wamwayi kuposa nzeru zanga."

"Amayi sanama."

"Amalume agula jekete latsopano. Akuti sangakaonekere ku Domasi ngati wolima fodya."

Lachiwiri masana Pauline anakumana ndi Melissa pa msika, pa mabenchi a tomato. Anaganiza zomulambalala, koma mtsikanayo anamuona kale.

"Anesi! Mafuno abwino. Ndamva kuti zinthu zikuthamanga."

"Zikomo."

"Chitenje chija ndinawathandiza kusankha ndine, mukudziwa? Ku Limbe." Melissa anatola tomato, namufinya pang'ono, namubwezera. "Muzichivala msanga. Nsalu za masiku ano sizichedwa kusuluka."

Pauline anangomwetulira n'kupitiriza ulendo. Anali wokondwa kwambiri moti mawuwo sanapeze pomulasa. Anamumvera chisoni mtsikanayo, ndipo pofika kunyumba anali atamuiwala.

*

Lachitatu m'mawa, Pauline asanavale n'komwe yunifolomu bwinobwino, Zuhura anamupeza. Nkhope yake inalibe nthabwala.

"Dokotala Catherine akukufuna. Pompano."

"Kwagwanji?"

"Sindikudziwa. Koma andifunsa fayilo ya Stacey."

Dokotala Catherine anali mayi wamtali, wodekha, amene sankakweza mawu ngakhale zinthu zitavuta. Anamuuza Pauline kuti atseke chitseko ndi kukhala. Patebulo panali pepala la m'kope, lolembedwa pamanja mbali zonse ziwiri.

"Pauline, iwe unabwera wekha kudzandiuza za chibwenzi chako, ndipo ndinakuyamikira. Zimenezo zinalembedwa. Koma dzulo komiti yoona za ufulu wa anthu olowa m'kafukufuku yalandira dandaulo, ndipo andipatsa kalata yake."

"Dandaulo la chiyani?"

"Likunena kuti Stacey wakhala akufuna kutuluka m'kafukufuku kuyambira kale, koma iwe ukumukakamiza kukhalamo kudzera mwa mchimwene wake. Likutinso Lamulungu unapita kunyumba kwawo kukaopseza banja lonse kuti mwana akatuluka sadzalandiranso chithandizo."

Pauline anaimirira osadziwa kuti waimirira. "Limenelo ndi bodza! Ndinanena zosiyana ndi zimenezo. Afunseni Stacey. Afunseni amayi ake!"

"Khala pansi. Ine ndikukudziwa, ndipo zimene ndikuganiza ndikuzisunga. Koma dandaulo lokakamiza munthu silikhala laling'ono. Likapezeka loona, si iwe wekha amene ungachoke. Akhoza kuimitsa ntchito yonse pano, amayi onse ali pakhondewo n'kubwerera kwawo, zaka zitatu n'kupita pachabe. Ndiye komiti ifufuza, ndipo ife tiipatsa mpata."

"Mpaka liti?"

"Masabata atatu, mwina anayi. Pa nthawi imeneyi ugwira za m'ofesi, osaonana ndi amayi a kafukufuku. Ndipo chovuta ndi ichi." Dokotala anavula magalasi. "Usalankhule ndi aliyense wa banja limenelo. Stacey, mayi ake, ngakhale mchimwene wakeyo. Pamaso, pa foni, kapena kudzera mwa munthu. Ukatero adzati ukukonza mboni, ndipo ine sindidzatha kukuteteza."

"Adokotala, ankhoswe akupita kwathu Loweruka lino."

"Ndamva. Pepa, mwana wanga."

 M'mutu mwa Pauline munabwera zikhadabo zofiira zikufinya tomato. "Walemba ndi Melissa, eti? Mtsikana wa saluni. Si wa m'banjamo n'komwe, ndi nsanje chabe."

Dokotala Catherine anazengereza. "Sindiyenera kukuonetsa. Koma wodandaulayo sanapemphe kuti dzina lake libisidwe, ndipo uli ndi ufulu wodziwa." Anatembenuza pepalalo nalikankhira kwa iye, chala chili pansi penipeni.

Kalata yonseyo inali m'zilembo zosalala za dzanja lozolowera kulemba, zosiyana ndi za dzina losainidwa pansipo. Deti linali la Lolemba, tsiku limodzi chichokereni Pauline ku Zakazaka. Pansi pake, m'zilembo zikuluzikulu zonjenjemera za munthu amene sagwira cholembera kawirikawiri, panalembedwa kuti Elizabeth Mulaviwa.

Pauline sanadziwe mmene anatulukira mu ofesimo. Anapezeka ali pakhonde, atagwira chipilala, phokoso la makanda likumveka ngati lili kutali. Atakweza maso anaona njinga yamoto ikuima pa geti. Henderson anatsika, nathandiza munthu amene anali kumbuyo kwake. Anali mayi Mulaviwa, atavala za ku tchalitchi, dengu lophimbidwa ndi nsalu lili m'manja. Atamuona Pauline nkhope yawo inawala, nakweza dzanja.

"Mwana wanga!" anaitana mokweza, anthu onse akumva. "Tabwera udzandilandire, ndakubweretsera nandolo!"

Kumbuyo kwa Pauline chitseko cha ofesi chinatseguka, ndipo Dokotala Catherine anaima pakhomo, akuyang'ana.